Kulumikiza mawaya a injini ya 1UZ-FE mu Hilux yakale ya kabureta

Amene amachotsa injini ya 4Y mu Hilux yakale n'kuikamo V8 ya Lexus yotchedwa 1UZ-FE samavutika kwenikweni ndi ntchito ya zitsulo. Injini imakhala pamalo pake, giyabokosi imagwira, ekizozi imawotcheredwa. Vuto limayamba tsiku limene atsegula katoni yobwera ndi injini ija n'kupezamo mtolo wa mawaya odulidwa ndi gulayinda, opanda dzina ngakhale limodzi. Galimoto imagona pagalaja mpaka matayala kuphwa.

Mawaya ambiri a mu mtolo umenewo, umene timautcha hanesi, simudzawakhudza. Opita ku ma injector (opopera mafuta mu injini), ku masensa ndi ku ma igniter (timabokosi toyatsa makoyilo) analumikizidwa kale kufakitale. Anu ndi osakwana 20, aja ogwirizanitsa injini ndi galimoto: moto, earth, pampu ya mafuta, sitata, kutchaja ndi dashibodi. Aliyense mwa amenewa muyenera kumudziwa dzina musanamudule, ndiponso kumuyeza musanapite kwa mnzake.

Malangizowa ndi a 1UZ-FE ya malita 4.0, imene inatuluka mu 1989 mu Lexus LS400 ndi Toyota Celsior, mtundu wopanda VVT-i (njira yosintha nthawi yotsegukira mavalavu) umene unapangidwa mpaka 1997. Mayina ambiri a mapini a kompyuta yoyendetsa injini ndi omwewo pa injini zambiri za Toyota za zaka zimenezo, monga 4A-FE ndi 3S-FE. Dala sinditchula mitundu ya mawaya kapena malo a pini pa soketi, chifukwa zimasiyana pakati pa Celsior, Soarer ndi Crown, magalimoto a Toyota amene ankabwera ndi injiniyi, ndiponso chaka ndi chaka.

Zofunika kukhala nazo

- Hanesi ya injini, kompyuta yake ndi masoketi ake, ma igniter awiri, makoyilo awiri ndi air flow meter (yoyeza mpweya wolowa mu injini), zonse za galimoto imodzi
- Chithunzi cha mawaya chogwirizana ndi nambala ya kompyuta yanu
- Multimeter ndi tesita ya babu
- Ma relay anayi a mapini anayi ndi masoketi ake, kabokosi ka mafyuzi, mafyuzi a 10, 15, 20 ndi 40 A
- Waya wa kopa wa galimoto: 0.75 mm² wa masiginolo, 2.5 mm² wa pampu ndi makoyilo, 16 mpaka 25 mm² wa alternator ndi earth
- Pulayala yokanikizira mateminolo, heat shrink, tepi ya nsalu, paipi yovekera mawaya, mphira woika pabowo la chitsulo
- Pampu ya mafuta ya EFI (ya injini ya ma injector), fyuluta yake, mapaipi opirira mphamvu ndi makilampu
- Tepi ya pepala ndi cholembera chosafufutika
- Chozimitsira moto

Waya wa nyumba wa chitsulo chimodzi musaugwiritse ntchito. Umathyokera m'kati mwa chikopa chake galimoto ikamagwedezeka m'misewu yafumbi, ndipo pothyoka simupaona.

1. Dziwani injini imene mwagula

Werengani nambala ya pa kompyuta. Ya Toyota imayamba ndi 89661, kenako manambala ena asanu. Chithunzi cha mawaya chifunidwe ndi nambala imeneyo, osati ndi dzina la injini lokha.

Yang'anani kutsogolo kwa injini. Ngati pali madisitiributa awiri ndi mawaya a mapulagi, ndi mtundu umene tikukambawu. Ngati pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake pamwamba, ndi ya VVT-i, ndipo zambiri mwa zimenezo zili ndi immobiliser: popanda kiyi wake ndi kabokosi kowerenga kiyiyo, sidzalira. Ku South Africa, kumene injiniyi imaikidwa kwambiri mu Hilux ndi Land Cruiser, ambiri amazemba vutoli poika kompyuta ya Spitronics kapena Dicktator. Njira imeneyo ndi yabwino, koma imafuna munthu wodziwa kutchuna ndi laputopu. Ine ndimakonda kompyuta ya fakitale ikakhala yamoyo, chifukwa imaliza injini bwino m'mawa kukuzizira ndipo imakuuzani yokha chavuta.

Air flow meter nayo ili mitundu iwiri: yoyambirira ya Karman vortex, ndi ya waya wotentha imene inabwera cha mu 1995. Sizisinthanitsidwa.

Chenjezo: masulani chivundikiro cha kompyuta muyang'ane pansi pa ma capacitor. Za m'zaka za m'ma 1990 zimadontha madzi amene amadya bolodi. Mukaona dothi lakuda kapena lobiriwira, kapena kumva fungo ngati la nsomba, ipite kwa wokonza mawailesi waluso asinthe ma capacitor musanayambe china chilichonse.

2. Yalani hanesi pansi, lembani mayina

Yalani lona, tambasulani hanesi yonse. Soketi iliyonse yopita pa injini muilowetse pamalo pake. Zotsala ndi masoketi a kompyuta ndi aja amene ankalowa m'hanesi ya thupi la galimoto yakale ija. Ntchito yanu ili pamenepo.

Ikani multimeter polira, nsonga imodzi pa pini ya soketi ya kompyuta, ina pa mawaya odulidwa, mpaka ilire. Mangani katepi, lembani dzina. Funani awa, amene ntchito zake ndizifotokoza m'munsimu: BATT, IGSW, M-REL, +B ndi +B1, STA, NSW, FC, W, SPD, E1, E01, E02, TE1, komanso waya wonenepa wopatsa moto ma injector ndi makoyilo.

Tsiku lonse likhoza kutha pamenepa, ndipo silinapite pachabe. Waya amene simunamudziwe musamudule, mupindeni, mumveke heat shrink kumapeto, mumusiye.

3. Konzani mbali ya Hilux

Pezani mawaya a pa swichi ya makiyi. Mukufuna waya amene ali ndi moto kiyi ali pa ON komanso pamene sitata ikuzungulira. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mawaya ena amazima kiyi akafika pa START kuti sitata ipeze mphamvu yonse. Mukalumikiza kompyuta pa waya wotere, injini imangozungulira osagwira, ndiye nthawi zina n'kuchita ngati ikufuna kulira pamene mukusiya kiyi. Gwirizitsani tesita, wina apotoze kiyi mpaka kumapeto, babu lisazime.

Waya wakale wa koyilo muusamale. Pa magalimoto ambiri a kabureta umadutsa pa ballast resistor, ndiye moto ukafika umakhala wochepa. Tengani moto resistor isanafike.

Mukamaliza kuyeza, chotsani theminolo ya negetivu pa batire. Isabwererepo mpaka pa sitepe 11.

Kompyuta ikhale m'kati mwa kabini, m'mwamba kuseri kwa dashibodi ya mbali ya pasenjala, masoketi ataloza pansi kuti madzi asatsetserekeremo. Pobowola chitsulo podutsa hanesi ikanipo mphira.

4. Earth choyamba

Waya wonenepa kuchokera ku negetivu ya batire kupita pa buloko ya injini. Wina kuchokera pa injini kupita pa chassis. Wina kupita pa thupi la galimoto. Hilux ili ndi thupi lokhala pa mphira pamwamba pa chassis, choncho musaganize kuti mabawuti okha akwanira.

Mu hanesi ya injini muli timateminolo tamphete tomangidwa kumbuyo kwa mitu ya injini. Timeneto ndiye E01, E02 ndi E1, earth ya kompyuta. Palani utoto ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba. Ma igniter amatenga earth kudzera m'thupi lawo, ndiye amangidwe pa chitsulo chopala, osati pa pulasitiki kapena pa utoto watsopano.

Chenjezo: E2 si earth wamba. Ndi njira yobwerera ya masensa, yochokera m'kati mwa kompyuta. Musaimange pa thupi la galimoto, musalumikizepo babu kapena relay.

5. Moto wa kompyuta

Kompyuta imafuna moto wa mitundu itatu, ndipo mukamvetsa dongosolo lake, theka la ntchito latha.

BATT ndi moto wosazima, wochokera ku batire kudzera pa fyuzi ya 20 A. Umasunga zimene kompyuta yaphunzira ndi manambala a zovuta. IGSW ndi wochokera pa waya wa kiyi munayeza uja, kudzera pa fyuzi ya 10 A. Umangouza kompyuta kuti kiyi watsegulidwa. Kompyutayo ikamva zimenezo imatulutsa moto pa M-REL, umene umakoka relay yaikulu, ndipo relayo ndi imene imapatsa moto +B ndi +B1.

Lumikizani relay motere, potsata manambala olembedwa pa mapini ake: pini 30 ku fyuzi ya 20 A ija, pini 87 ku +B ndi +B1, pini 86 ku M-REL, pini 85 ku earth.

Ena amaona ngati n'kuchulutsa gaga m'diwa, amangolumikiza +B ku kiyi. Injini imalira ndithu. Koma kompyuta imafuna kukhalabe ndi moto masekondi angapo mukazimitsa, kuti ibweze pamalo oyambira valavu ya idle, yowongolera kulira kwa injini galimoto itaima. Mukaimana mpata umenewo, m'mawa galimoto imavuta kulira ndipo idle imakwera n'kutsika popanda chifukwa chooneka.

6. Makoyilo ndi ma injector

Awa amadya moto wambiri, ndipo swichi ya makiyi ya galimoto ya zaka 30 yatopa kale. Apatseni relay yawo: pini 30 ku batire kudzera pa fyuzi ya 20 A, pini 87 ku waya wonenepa uja, pini 86 ku waya wa kiyi, pini 85 ku earth. Kompyuta siipatsa injector moto, imangoigwetsera ku earth pa nthawi yake. N'chifukwa chake kiyi ali pa ON mungapeze 12 V mbali zonse ziwiri za injector, ndipo palibe cholakwika.

Ngati mwasuntha ma igniter n'kutalikitsa mawaya awo, talikitsani onse. Ndinaonapo Hilux ya bambo wina wolima fodya imene inkalira bwinobwino masekondi awiri n'kuzima, nthawi iliyonse chimodzimodzi. Mwini wake anali atagula kale pampu yachiwiri. «Mafutawo akufika, mwanawe, ndaona ndi maso angawa,» anatero, atagwira paipi yonyowa. Nditasenda tepi pafupi ndi ma igniter ndinapeza timawaya tiwiri tatifupi topindidwira m'mbuyo. Amene anatalikitsa hanesiyo anaona kuti mapulagi akuthetheka popanda timeneto, n'kutisiya. Tinali ta IGF. Kompyuta imatuma igniter kudzera pa IGT, ndipo igniter imayankha pa IGF kuti moto wathethekadi. Yankho likapanda kubwera, kompyuta imatseka mafuta kuti asadzaze injini. Titalumikiza, bamboyo anavula chipewa, n'kuima chete akumvetsera injini kwa nthawi yaitali ndithu.

7. Pampu ya mafuta

Pampu ya kabureta siifika ngakhale theka la bar imodzi. Injini iyi imafuna pafupifupi 3 bar. Ndiye pampu, fyuluta ndi mapaipi a mphira zonse zisinthidwe, ndipo pakhale paipi yobweza mafuta otsala ku thanki. Paipi ya kabureta pa 3 bar imaphulika, petulo n'kuwazikira pa ekizozi.

Relay ya pampu: pini 30 ku batire kudzera pa fyuzi ya 15 kapena 20 A, pini 87 ku pampu ndi waya wa 2.5 mm², pini 86 ku +B, pini 85 ku FC. Kompyuta imagwetsa FC ku earth pokhapokha injini ikuzungulira. Pa Toyota za zaka zimenezi pampu siilira mukangoika kiyi pa ON, ndiye musathamangire kunena kuti yafa. Ngati kompyuta yanu ili ndi FPC ndi DI m'malo mwa FC, monga za Soarer, ndiye kuti pampu inkayendetsedwa ndi kabokosi kakekake, ndipo kafunidwe kuchokera pa galimoto yomweyo.

Chenjezo: musalumikize pampu molunjika ku kiyi. Pangozi, paipi ikaduka injini n'kuzima, pampu yotere imapitiriza kupopa petulo pansi pa galimoto anthu ali m'katimo. Ndimakana kutulutsa galimoto yolumikizidwa choncho ngakhale mwini wake ali pachangu chotani.

8. STA, NSW ndi SPD

STA ilumikizidwe ku waya wopita ku solenoid ya sitata. Imauza kompyuta kuti injini ikulizidwa, ndipo imawonjezera mafuta.

Makompyuta ambiri a 1UZ ndi a giyabokosi ya otomatiki. Pa galimoto yoyambirira, giya ikakhala pa P kapena N swichi inkalumikiza NSW ndi STA. Ngati mukugwiritsa ntchito giyabokosi ya manyuwelo, lumikizani awiriwa pamodzi.

SPD ndi liwiro la galimoto. Ikasowa, injini imakonda kuzima mukamatsika liwiro kufika pa mphambano. Masipidomita a chingwe ena a Toyota ali ndi kaswichi kumbuyo kotulutsa siginolo kanayi pa kuzungulira kumodzi kwa chingwe. Ngati yanu ilibe, pali kasensa kolowetsa pakati pa giyabokosi ndi chingwecho.

9. Alternator

Ya 1UZ ili ndi regulator m'kati ndipo imatulutsa pafupifupi 100 A. Ngati Hilux yanu inali ndi regulator yapadera pa thupi, ichotsedwe. Waya wakale wotchajira ndi wochepa: kokani watsopano wa 16 mm² kapena kuposa, kuchokera pa bawuti ya B kupita ku batire, ndi fyuzi yaikulu pafupi ndi batirelo. Pa soketi yaing'ono, S ipite ku pozitivu ya batire, IG ku moto wa kiyi, L ku babu la batire la pa dashibodi.

10. Dashibodi ndi fani

Pa injini pali masensa awiri a kutentha kwa madzi. Ya mawaya awiri ndi ya kompyuta, musaikhudze. Ya waya umodzi ndi ya geji. Ngati geji ya Hilux ikunama ndi sensa ya Lexus, ikanipo sensa ya pa 4Y ija. Swichi ya oyilo ipite ku babu lake lakale.

Pa rev counter pali mwayi. Koyilo iliyonse ya 1UZ imatumikira masilinda anayi, choncho siginolo yochokera pa igniter imodzi imafanana ndi ya injini ya masilinda anayi.

Galimoto ya kabureta ilibe babu la check engine. Liikeni. Mwendo umodzi ku moto wa kiyi, wina ku pini W. Babu la ndalama zochepa limeneli ndiye pakamwa pa kompyuta. Ngati fani ndi ya magetsi, ikhale ndi relay yake ndi fyuzi ya 40 A, yoyatsidwa ndi swichi ya kutentha ya pa redieta.

11. Yezani musanalize

Chotsani mafyuzi onse atsopano, masoketi a kompyuta akhale osalowetsa. Bwezerani negetivu ya batire. Ikani mafyuzi imodziimodzi, mukuyang'ana ndi kununkhiza. Pa soketi, BATT ikhale ndi 12 V nthawi zonse, IGSW pa ON ndi pa START, STA pa START pokha.

Zimitsani, lowetsani masoketi, ikani kiyi pa ON. Relay yaikulu ilire kuti «tha», babu la check engine liyake. Likapanda kuyaka musapitirire: kompyuta ilibe moto kapena earth. Pakati pa VC, pini yopatsa moto masensa, ndi E2 pakhale 5 V. Gwetsani pini 85 ya relay ya pampu ku earth ndi kawaya kwa kanthawi, muyang'ane polumikiza paliponse ngati pakudontha.

Onaninso mawaya a mapulagi. Dongosolo lothetheka ndi 1-8-4-3-6-5-7-2, masilinda 1, 3, 5, 7 ali kumanzere mukakhala pa mpando wa dalaivala. Chozimitsira moto chikhale pafupi, lizani. Ikalira, batire lisonyeze pakati pa 13.5 ndi 14.5 V. Pakati pa buloko ndi negetivu ya batire pasapitirire 0.2 V. Kukulunga hanesi ndi tepi kudikire mpaka galimoto itayenda masiku angapo.

Kufunsa kompyuta chavuta

Pa kabokosi ka DIAGNOSIS ka pa injini lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi pa ON. Babu likamaphethira mosalekeza mofanana, palibe vuto. Likaphethira kamodzi, kupuma, kenako kanayi, ndi 14. Amene mudzakumane nawo kwambiri: 12 ndi siginolo ya kuzungulira kwa injini, 14 ndi 15 ndi IGF, 22 ndi sensa ya madzi, 24 ndi kutentha kwa mpweya, 31 ndi air flow meter, 41 ndi sensa ya throttle, 42 ndi liwiro, 52 ndi 55 ndi masensa a knock, omva kugogoda kwa injini. Sensa ya madzi yabwino imasonyeza 2 mpaka 3 kilo-ohm injini itazizira, ndi pafupifupi 300 ohm pa madigiri 80. Kufufuta manambala, chotsani fyuzi ya BATT kwa theka la mphindi.

Zolakwika zobwerezabwereza

Kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi yakuda. Pamwamba pa V8 pamatentha, guluu wa tepi amasungunuka, kopa amachita dzimbiri. Kanikizani ndi theminolo yoyenera, vekani heat shrink.

Kulasa mawaya a masensa ndi tesita ya babu. Babu limakoka moto woposa umene kompyuta ingapereke pa mapini amenewo, ndipo ikhoza kupsa. Tesita ndi ya mawaya a moto okha, kwinako multimeter.

Injini kukana kuzima mutachotsa kiyi. Kawirikawiri moto ukubwerera kuchokera ku alternator kudzera pa waya wa L n'kugwirizira relay. Ikani diode pa waya umenewo, kapena sunthani potengera moto wa babulo.

Kudula chishango cha mawaya a masensa a crank, cam ndi knock, kapena kuwayendetsa mophatikana ndi mawaya a mapulagi. Siginolo yawo ndi yofooka, phokoso la magetsi limaisokoneza, injini n'kumadumphadumpha pa liwiro lalikulu.

Fyuzi kuikidwa kutali ndi batire. Chigawo chonse cha waya chapakati pa batire ndi fyuziyo chilibe chitetezo, ndipo shoti ikachitika pamenepo galimoto imayaka. Kukulunga fyuzi yopsa ndi kawaya ndi ngozi yomweyo.

Kuwotcherera ekizozi kapena china chilichonse kompyuta ili yolumikizidwa. Chotsani batire ndi masoketi a kompyuta wowotcherera asanagwire makina ake.

Batire kutha galimoto ikagona masiku awiri. Ikani multimeter pakati pa negetivu ndi waya wake, zonse zili zozimitsa: zisapitirire 50 mA. Zikapitirira, zulani mafyuzi imodziimodzi. Nthawi zambiri mupeza relay imene pini yake 86 inalumikizidwa ku moto wosazima.

Kuiwala mapepala. Nambala ya injini yasintha, ndiye pitani nayo ku Road Traffic akakonze blue book isanayambe kuyenda maulendo, ndipo a inshuwalansi muwauzenso. Chithunzi cha mawaya chimene mwajambula, chokhala ndi dzina la fyuzi ndi relay iliyonse, chiikeni m'pulasitiki pamodzi ndi mapepalawo m'kabokosi ka pa dashibodi.